Yesaya 53 akunena za yani? Mwana wanga wandifunsa, ndasowa chonena

Nambewe: Mwaswera bwanji abale m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mwana wanga wachisamba wabwera kutchuthi kuchokera ku koleji, ndiye dzulo titatha kudya nsima ndinamupempha kuti atiwerengere Yesaya 53, poti Lachisanu Loyera layandikira ndipo kumvano andisankha kuti ndidzayankhule pamutu umenewu. Anawerenga bwinobwino mpaka kumapeto, kenako n'kutseka Baibulo n'kunena kuti, "Amayi, mukudziwa kuti Ayuda, eni ake bukuli, amati mutu uwu sukunena za Yesu? Amati mtumikiyu ndi mtundu wa Israele." Ananditsegulira Yesaya 41:8 ndi 49:3, ndipo zoonadi, pamenepo Israele ndiye akutchedwa mtumiki. Ndinangoti kakasi. Ine mutu umenewu ndinauloweza ndili mtsikana, ndipo ndi umene unandigwira dzanja pamaliro a bambo ake. Sindikufuna kukaima pamaso pa amayi anzanga ndili ndi mitima iwiri. Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

Bambo a Tadala: Mayi, musalole mwana akusokonezeni. Maulosi amene Yesu anakwaniritsa ndi oposa 300, ndinamva choncho pa wailesi. Ndinaonanso kanema pa Facebook wonena kuti Ayuda analetsa mutu umenewu chifukwa akuopa kuti anthu awo atembenuka.

Abusa Opuma: Zikomo mayi Nambewe pobweretsa funsoli poyera. Mwanayo musamukalipire, wawerenga bwino. Funso lakelo lilimo kale m'Baibulo. Pa Machitidwe 8, mdindo wa mfumukazi Kandake ali pagaleta panjira yotsikira ku Gaza, akuwerenga mutu womwewu, ndipo akufunsa Filipo kuti mneneri akunena za yani, za iye mwini kapena za wina? Filipo sanamudzudzule. Anakwera galetalo n'kukhala naye pambali.

Bambo a Tadala, pepani ndikukonzeni pang'ono. Yesaya 53 ali m'Baibulo lililonse la Chiheberi, ndipo aphunzitsi a Chiyuda alembapo ndemanga zambirimbiri. Chimene chilipo n'chakuti m'masunagoge amawerenga zigawo zosankhidwa za aneneri Sabata ndi Sabata, ndipo mutu 53 suli pamndandanda umenewo, monganso mitu ina yambiri ya aneneri. Kusakhala pamndandanda n'kosiyana ndi kuletsedwa. Tisanamizire anthu poganiza kuti tikuteteza Ambuye.

Tsono mayi, tengani Baibulo lanu muwerenge malo anayi awa motsatana: Yesaya 42:1-4, 49:1-6, 50:4-9, ndi 52:13 mpaka 53:12. Zimatchedwa nyimbo za Mtumiki, kuyambira pomwe katswiri wina wa ku Germany, Bernhard Duhm, anazipatula m'chaka cha 1892. Mukamawerenga onetsetsani m'mene nkhope ya mtumikiyu ikusinthira. Pa 41:8 ndi mtundu wonse. Pa 42:19 mtumikiyo ndi wakhungu ndi wogontha, ndiye kuti Israele walephera ntchito. Pa 49:3 akutchedwabe Israele monga mwana wanu wakuonetserani, koma tsikani mavesi awiri okha: pa 49:5 ntchito ya mtumikiyu ndi kubweza Yakobo kwa Mulungu ndi kusonkhanitsa Israele. Nanga ngati ndi Israele, akubweza bwanji Israele? Tikafika pa 53:8 akukanthidwa chifukwa cha kulakwa kwa "anthu anga", ndipo pa 53:9 akuti sanachite chiwawa, m'kamwa mwake munalibe chinyengo. Pomwe Yesaya yemweyo pa 42:24 wanena mosabisa kuti Israele anafunkhidwa chifukwa anachimwa.

Choncho Akhristu sitikana kuti mtumiki ndi Israele. Timati pali mmodzi wotuluka mwa Israele amene akusenza dzina ndi ntchito ya mtundu wonse. Kwathu ku mudzi, mwana akapalamula, pabwalo amaima ndi malume ake, mwini mbumba, ndipo mbuzi ya chindapusa imatuluka m'khola la malumewo ngakhale iwo sanabe kanthu. Fanizoli silifika pomwe mtanda unafika, koma likuthandizani kuona kuti munthu mmodzi angathe kukhala mbumba yonse pamaso pa mfumu.

Limbani: Abusa, ndi ulemu wonse, ine ndili mbali ya mwana wa mayi Nambewe. Mafunso anga ndi awiri. Tidziwa bwanji kuti Akhristu sanasinthe mawu a Yesaya kuti agwirizane ndi nkhani ya Yesu? Chachiwiri, Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane malembawa ankawadziwa. Chovuta n'chiyani kulemba nkhani yako molondola zimene waona m'buku lakale? Sindikufunsa mwachipongwe ayi, ndimapemphera, koma zimandivuta.

Aphunzitsi Ankhoma: Limbani, funso loyambalo lili ndi yankho logwirika ndi manja. M'chaka cha 1947 abusa a ziweto Achibedouin anapeza mitsuko m'phanga ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. M'menemo munali mpukutu wa Yesaya wathunthu, mitu yonse 66, wolembedwa pazikopa 17 zosokedwa pamodzi, kutalika kwake kupitirira pang'ono mamita 7. Akatswiri amauika cha m'ma 125 Khristu asanabadwe. Lero umasungidwa ku Israel Museum ku Yerusalemu, ndipo zithunzi zake zili pa intaneti, mutha kuziona nokha. Mutu 53 ulimo, wofanana ndi umene tili nawo, kupatula kusiyana kwa kalembedwe ndi timawu tochepa. Kusiyana kumodzi kumandikhudza: pa vesi 11 mpukutuwu ukuti mtumikiyo, atatha kuvutika, adzaona kuwala. Liwu lakuti kuwala mulibe m'Chiheberi chimene anakopera alembi a m'zaka za pambuyo, koma lilimo m'Baibulo la Chigriki lotchedwa Septuagint, lomwe Ayuda a ku Alexandria anamasulira Yesu asanabadwe. N'chifukwa chake Mabaibulo ena a masiku ano analibwezeramo.

Za nthawi imene mawuwa analembedwa, akatswiri amasiyana. Ena amati ndi Yesaya mwini, wa m'masiku a Uziya mpaka Hezekiya, cha m'ma 740 mpaka 700 Khristu asanabadwe. Ambiri amati mitu 40 mpaka 55 inalembedwa nthawi ya ukapolo wa ku Babulo, Yerusalemu atagwa mu 586, Koresi asanalande Babulo mu 539. Mutenge mbali iliyonse, mpata wake ndi zaka zoposa 500 mtanda usanaimikidwe.

Limbani: Chabwino aphunzitsi, loyambalo ndalandira. Nanga lachiwiri?

Abusa Opuma: Lachiwirili ndi lolemera, mwana wanga, ndipo sindikuyankhani mwachidule. Ganizani kaye: munthu wofuna kupeka Mesiya m'nthawi imeneyo akanapeka wotani? Anthu ankadikira mwana wa Davide wothamangitsa Aroma. Deuteronomo 21:23 akuti wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa ndi Mulungu. Paulo mwini akuvomera pa 1 Akorinto 1:23 kuti Khristu wopachikidwa ndi chokhumudwitsa kwa Ayuda ndi chopusa kwa amitundu. Palibe wamalonda amene amapeka katundu amene akudziwa kuti ogula amukana.

Onaninso m'mene olemba Uthenga Wabwino akudzionetsera okha. Pa Marko 8, Yesu atangonena kuti adzazunzidwa ndi kuphedwa, Petro akumutengera pambali n'kumudzudzula. Pa Luka 24, Kleopa ndi mnzake akubwerera ku Emau nkhope zili zakugwa, akuti "tinkayembekeza kuti ndiye adzaombole Israele." Anthu amenewa Yesaya ankamumva kuyambira ali ana, koma tsiku la mtanda palibe ndi mmodzi yemwe anati, "Taonani, ulosi uja ndi uwu." Anathawa. Malemba anawatsegukira pambuyo, mlendo uja atayamba ndi Mose ndi aneneri onse panjira, mitima yawo n'kuyamba kutentha. Akuluakulu anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ophunzira anayamba akumana ndi mtanda ndi manda apululu, kenako n'kubwerera ku mipukutu akulira, n'kupeza kuti zinali m'menemo nthawi yonseyi.

N'chifukwa chake ine nkhani ya maulosi 300 sindiikonda. Mndandanda umenewo umatengera amene akuwerenga, ndipo mavesi ena amaikidwapo mokakamiza. Mwana wophunzira akapeza limodzi lofooka amataya onse. Ndibwino tigwire ochepa amene Chipangano Chatsopano chikugwira, n'kuwamvetsa mozama.

Kodi ndingakutsimikizireni ndi mboni zakunja kuti asilikali anachitadi maere pa malaya ake? Ayi, pamenepo timakhulupirira umboni wa Mauthenga anayi. Koma kuphedwa kwake pansi pa Pilato kuli ndi mboni yakunja: Tacitus, wolemba mbiri wa Chiroma amene Akhristu sankawafuna n'komwe, analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo.

Akatekisi a ku Dedza: Ndithirepo ndemanga pa za Ayuda, chifukwa mwana wa mayi Nambewe wanena zoona koma sanamalize. Kumasulira kwakuti mtumiki ndi mtundu wa Israele n'kwakale ndithu. Origen, mphunzitsi wakale wa Chikhristu, polemba cha m'ma 248, akusimba kuti anatsutsana ndi Ayuda ophunzira amene anamuuza zomwezo. Amene anakukhazikitsa kwambiri ndi mphunzitsi wamkulu Rashi wa ku Troyes, ku France, amene anabadwa mu 1040 n'kumwalira mu 1105. Koma pali mawu enanso akale m'Chiyuda momwemo. Targum ya Yesaya, yomwe ndi kumasulira kwa m'Chiaramu, pa 52:13 imati "mtumiki wanga Mesiya", ngakhale masautsowo imawasunthira kwa ena. Ndipo mu Talmud ya ku Babulo, buku la ziphunzitso za Chiyuda, pa Sanhedrin 98b, aphunzitsi awo pokambirana dzina la Mesiya akutchula Yesaya 53:4, za kusenza nthenda zathu.

Chinthu china ndipemphe tichisunge mumtima. Rashi anaphunzira ku Worms ndi ku Mainz, ndipo mu 1096, iye ali moyo, anthu ovala mtanda pachifuwa popita kunkhondo ya ku Yerusalemu anapha Ayuda ochuluka m'mizinda imeneyo. Myuda wowerenga za wonyozedwa, wokanidwa, wotengedwa ngati nkhosa kokaphedwa, n'kuona mtundu wake, sakuchita makani. Akuwerenga ndi mabala, ndipo ena mwa mabalawo anamupatsa ndi anthu otchula dzina la Khristu. Ife Akatolika mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unanena momveka kuti imfa ya Yesu isasenzetsedwe Ayuda onse, a nthawi ija kapena a lero. Yesaya mwini akuti analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu. Liwu lakuti "zathu" limayambira pa amene akuwerengayo.

Bambo a Tadala: Ndamva akatekisi. Kanema uja ndinamutumiza m'magulu awiri, ndikamufufuta.

Limbani: Ndiye tipite ku Salimo 22. Alaliki amakonda vesi 16, kuti anaboola manja ndi mapazi anga, amati Davide anaona misomali zaka 1000 zisanachitike. Koma ndamva kuti m'Chiheberi palembedwa "ngati mkango". Zoona?

Aphunzitsi Ankhoma: Zoona, m'mipukutu yambiri ya Chiheberi ya Amasorete, alembi a Chiyuda a m'zaka za pambuyo aja, liwu lake ndi ka'ari, kutanthauza ngati mkango, ndiye chiganizo chimamveka chopunduka: ngati mkango, manja anga ndi mapazi anga. Mneni akusowa. Mipukutu ina yochepa ili ndi ka'aru. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chomaliza, yod kapena vav, ndipo polemba pamanja zimasiyana kutalika kwa kamzere basi. Septuagint inamasulira kuti anakumba manja ndi mapazi anga, ndipo kachidutswa ka Masalimo kopezeka ku Nahal Hever, m'chipululu cha Yudeya, ambiri amakawerenga ka'aru. Mkangano wa akatswiri sunathe.

Abusa Opuma: Ndipo Limbani, taonani chinthu ichi. Chipangano Chatsopano vesi 16 sichiligwira mawu paliponse. Ngati alembi aja akanakhala osaka mavesi oti amangirepo nkhani, limeneli akanalilumphira loyamba. Amene akugwira ndi ena: vesi 1, kulira kwa Yesu kuti Eloi, Eloi, lama sabakitani, mavesi 7 ndi 8, opukusa mitu ndi onyoza kuti Mulungu amupulumutse ngati akumufuna, ndi vesi 18, kugawana zovala ndi kuchita maere, lomwe Yohane 19:24 akulitchula.

Ine Salimo 22 ndimaliona chonchi. Poyamba linali pemphero lenileni la munthu wolungama amene anazingidwa ndi adani, ndipo Aisraele ambiri analipemphera pamavuto awo zaka mazanamazana. Yesu, Myuda wodziwa Masalimo pamtima, analitenga pakamwa pake pamtanda. Kumeneko ndiko kukwaniritsa: chikho chimene ambiri analawako, iye anachimwa mpaka pansi. Ndipo musalekeze pa vesi 21. Pa vesi 22 wolirayo akulalikira dzina la Mulungu kwa abale ake, mawu amene Ahebri 2:12 akuika m'kamwa mwa Yesu. Pa vesi 24 akuti Mulungu sanamubisire nkhope. Pa vesi 27 malekezero onse a dziko akutembenukira kwa Yehova. Munthu mmodzi akulira, dziko lonse n'kutembenuka. Kodi ndi kulira kwa Davide kuti kumene kunachita zimenezo?

Za misomali, mu 1968 ku Yerusalemu anapeza mafupa a munthu wina wopachikidwa m'nthawi ya Aroma, dzina lake Yehohanan, msomali wachitsulo udakali m'fupa la chidendene. Ndimatchula zimenezi kuti tisamaone mtanda ngati chokongoletsera m'khosi chabe.

Agogo Nangozo: Ana anga, ine sukulu sindinapite patali, mdzukulu ndi amene akundilembera. Malemu amuna anga ankaweta mbuzi ndi nkhosa. Mbuzi mukangoigwira mwendo imalira mudzi wonse kumva, ana kuthamangira kudzaona. Tsiku lina tinapha nkhosa ya chikondwerero cha ukwati wa mwana wathu. Ndinaigwirira miyendo ndine. Sinalire. Inangondiyang'ana, mpweya wake ukutentha padzanja langa, mpaka mpeni unadutsa. Nyama yake ndinalephera kudya. Kuyambira tsiku limenelo akamawerenga Yesaya 53:7 kutchalitchi, kuti sanatsegule pakamwa pake, ndimaona maso a nkhosa ija. Pilato anadabwa kuti munthuyu sakuyankha bwanji. Ine sindidabwa, ndimangolira.

Nambewe: Agogo, mwandiliza. Ndidzawauza amayi anzanga zimenezi ngati mwandilola.

Agogo Nangozo: Kawauze mwanawe.

Mayi a Chisomo: Ine funso langa ndi laling'ono. Mateyu 27:9 akuti za ndalama 30 zasiliva ananena ndi Yeremiya, koma ndikafufuza ndimazipeza pa Zekariya 11:12-13. Kodi Mateyu analakwitsa?

Akatekisi a ku Dedza: Mayi, mwaona bwino, ndipo akale monga Jerome ndi Augustine analimbana nalo funso lomwelo. Ndalama 30 ndi woumba mbiya zili mwa Zekariya. Koma munda, umene Mateyu akuti unagulidwa ndi ndalamazo, uli mwa Yeremiya: mutu 19 akugula nsupa ya woumba n'kukaiphwanya ku chigwa cha Hinomu, kumene kunakhetsedwa mwazi wa osalakwa, ndipo mutu 32 akugula munda ndi siliva. Ambiri amati Mateyu analuka aneneri awiri pamodzi n'kutchula wamkuluyo, monga Marko 1:2-3 akuphatikiza Malaki ndi Yesaya n'kutchula Yesaya yekha. Chimene chimandipweteka ine ndi mtengowo. Pa Eksodo 21:32, masekeli 30 ndi malipiro a kapolo amene wagundidwa ndi ng'ombe. M'busa wa Israele anamuyesa mtengo wa kapolo wakufa.

Zekariya yemweyo ali ndi mawu ena awiri: 13:7, kantha m'busa nkhosa zibalalike, amene Yesu anawatchula usiku umene anagwidwa, ndi 12:10, adzayang'ana amene anamulasa, amene Yohane 19:37 akuwaika pamkondo wa msilikali. Vesi la pamwamba pake Yohane akuti fupa lake silinathyoledwe, monga lamulo la mwanawankhosa wa Paskha pa Eksodo 12:46.

Nachisale: Pepani abale, ndakhala ndikungowerenga, koma pali mbali ya Yesaya 53 imene sindingakhale chete. Mayi anga ankadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mlaliki wina anabwera m'dera lathu n'kuwauza kuti ndi mikwingwirima yake tinachiritsidwa, ndiye kumwa mankhwala n'kukayikira mwazi wa Yesu. Ine ndinali kutali kuntchito. Nditabwera ndinapeza mapiritsi a miyezi iwiri ali m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati, mapaketi osatsegula, atakutidwa ndi kansalu koyera ngati chinthu chamanyazi. Phazi linali litayamba kale kuda. Anawadula mwendo, ndipo sanakhalitse. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti masiku awo omaliza ankandifunsa kuti, "Kodi chikhulupiriro changa chinachepa?" Mayi amene anandiphunzitsa kupemphera. Mayi Nambewe, mukakaima pamaso pa amayi aja, chonde vesi 5 mukalinene bwino.

Abusa Opuma: Mwana wanga Nachisale, pepani kwambiri. Chikhulupiriro cha mayi anu sichinachepe. Amene analakwa ndi amene anawasenzetsa katundu amene Ambuye anali atasenza kale.

Tiyeni tione m'mene atumwi anagwiritsira ntchito mawu amenewa. Petro akuwatchula pa 1 Petro 2:24, ndipo kuyambira vesi 18 akulankhula ndi akapolo amene akumenyedwa ndi mabwana ankhanza. Anthu a mikwingwirima yeniyeni pamsana. Sakuwalonjeza kuti zowawa zitha mawa. Akuwauza kuti Khristu anasenza machimo athu m'thupi lake pamtengo, kuti tife ku machimo ndi kukhala ndi moyo m'chilungamo, ndipo vesi lotsatira likufotokoza kuchirako: munali kusochera ngati nkhosa, tsopano mwabwerera kwa M'busa. Mateyu 8:17 akutenga Yesaya 53:4 n'kuliika pa Yesu akuchiritsa odwala ku Kapernao, ndiye n'zoona kuti thupi lathu amalisamala, ndipo kupempherera odwala n'koyenera. Koma Paulo yemwe uja anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, anauza Timoteo kuti amwe vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake, ndipo ankayenda ndi Luka amene akumutcha sing'anga wokondedwa. Yesaya akumutcha mtumikiyu munthu wa zisoni, wodziwa zowawa. Pa vesi 4 anthu akuvomera kuti analakwitsa pomuyesa wokanthidwa ndi Mulungu. Ndiye kutenga mutu womwewu n'kuuza wodwala kuti kudwala kwake ndi umboni wa kuchepa kwa chikhulupiriro, n'kubwereza tchimo limene mutuwo ukulapa.

Nachisale: Zikomo abusa. Mawu amenewa ndikanakonda akanawamva ali moyo.

Aphunzitsi Ankhoma: Ndibwerere kwa mdindo uja, chifukwa abusa anangomudutsa. Kandake linali dzina laufumu la mafumukazi a ku Meroe, m'mbali mwa Nile, m'dziko limene lero ndi Sudan. Munthuyu anali wosunga chuma chonse cha mfumukazi, koma anali wofulidwa, ndipo Deuteronomo 23:1 salola wotere kulowa mu msonkhano wa Yehova. Wayenda ulendo wonsewo kukapembedza ku Yerusalemu, akubwerera, ndipo mawu amene waima nawo ndi akuti: m'kunyozeka kwake anamumana chilungamo, ndani adzafotokoza za mbadwo wake, popeza moyo wake wachotsedwa padziko. Munthu wopanda mwana akuwerenga za wina wodulidwa wopanda mbewu. Ndikhulupirira kuti funso lake lija silinali la m'kalasi. Ndipo akanapitiriza kufunyulula mpukutuwo mitu itatu yokha, pa Yesaya 56:3-5, akanapeza kuti wofulidwa asanene kuti ndine mtengo wouma, chifukwa Mulungu adzamupatsa m'nyumba yake dzina loposa ana aamuna ndi aakazi, dzina losadulidwa. N'chifukwa chake atafika pamadzi anafunsa kuti chondiletsa n'chiyani. Moyo wake wonse panali chomuletsa.

Limbani: Apa mwandigwira mtima aphunzitsi. Koma ndinene chilungamo, chimodzi chikadandivutabe. Vesi 10 la Yesaya 53 likuti mtumikiyo adzaona mbewu yake ndipo masiku ake adzachuluka. Yesu analibe ana ndipo anafa ali ndi zaka za m'ma 30. Myuda anganene kuti izi zikuyenera mtundu umene unabwerera ku ukapolo n'kuchulukana.

Abusa Opuma: Anganenedi, ndipo amatero. Ife timayang'ana dongosolo la mavesiwo. Pa vesi 8 wadulidwa m'dziko la amoyo. Pa vesi 9 ali ndi manda, pamodzi ndi oipa ndi wolemera, ndipo timakumbukira achifwamba awiri aja ndi Yosefe wa ku Arimateya. Pa vesi 10 moyo wake waperekedwa ngati nsembe yopalamula, liwu lomwelo la pa Levitiko 5. Zitatha zonsezi ndi pamene akuona mbewu ndi kuchulukitsa masiku. Munthu woikidwa kale m'manda amachulukitsa bwanji masiku? Ife timati ndi kuuka, ndipo mbewuyo ndi ambiri aja amene vesi 11 likuti adzawalungamitsa. Myuda adzati manda ndi fanizo la ukapolo, monga mafupa ouma a pa Ezekieli 37. Mukuona tsono kuti posiyanirana penipeni si pa galamala ya Chiheberi. Ndi pa m'mawa wa tsiku loyamba la sabata: kodi manda aja anali apululu kapena ayi? Amene wati inde, Yesaya 53 amamuwerenga monga Filipo. Sindingakudumphitseni pamenepo ndi mavesi, Limbani. Pitirizani kufunsa, ndipo Lachisanu mubwere kutchalitchi mudzamve akuwerenga mokweza kuyambira 52:13.

Limbani: Ndibwera abusa.

Nambewe: Abale, ndabweranso. Usiku wathawu ndinamupatsa mwana wanga foni kuti awerenge zonse mwalembazi. Magetsi anali atazima, ndiye tinakhala pakhonde ndi tochi, iye Baibulo pamiyendo, ine ndikutchula mavesi. Pa 49:5 anaima nthawi yaitali, anabwereza katatu. Za Rashi ndi anthu ophedwa aja anati sanazimvepo, ndipo anati n'koyamba kumva Akhristu akukamba za Ayuda mopanda chipongwe. Sananene kuti wagonja, ndipo sindinamukakamize. Wati funso la Limbani la vesi 10 ndi lakenso. Nkhani ya mayi a Nachisale itafika anangokhala chete, kenako n'kundifunsa ngati mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ndikumwa. Ndinamuonetsa paketi.

Kumvano ndaganiza zoyamba ndi nkhosa ya agogo, kenako vesi 5 monga abusa alongosolera. Mwanayo wapempha kuti madzulo ano tiwerenge Salimo 22 mpaka vesi lomaliza, chifukwa akuti nthawi zonse ankalekera pakati. Akatekisi, munditumizire kumbali mavesi a Zekariya aja, dzulo ndinawalemba pakapepala koma kanyowa ndi mvula.

Akatekisi a ku Dedza: Ndatumiza mayi: 11:12-13, 12:10 ndi 13:7. Mumuuze awerengenso 13:1, za kasupe wotsegukira nyumba ya Davide.